MLANDU SUWOLA, KOMA MBONI ZIMAFA

Abale ndi alongo a m'Cipani m'boma la Mambwe, kuyambira kwa Msoro kufika kwa Nsefu, kwa Jumbe, kwa Mnkhanya, kwa Kakumbi ndi kwa Malama, pali funso limene limabuka kawirikawiri anthu akamakambirana za cuma ca mtundu. Funso lake ndi ili: kodi munthu akadya ndalama za anthu, ndipo papita zaka 5 kapena 10 osagwidwa, mlandu wake watha? Alipo ena amene amayankha kuti inde, namauza anthu a m'midzi kuti nkhani yakale Boma siliilandira. Nyuzipepala ino ifuna kuyankha poyera kuti mau amenewo ndi bodza, ndipo kawirikawiri wowafalitsa ndi yemweyo amene ali ndi kanthu kobisa.

Makolo athu ananena kale kuti mlandu suwola. Pa nkhani ya ziphuphu, lamulo la Zambia ligwirizana ndi makolowo. Koma tifuna kuti membala aliyense amvetse bwino mbali yaciwiri ya nkhaniyi, pakuti mlandu ungathe kukhala wamoyo m'buku la malamulo pamene umboni wake unafa kalekale.

ZIMENE LAMULO LINENA

M'maiko ambiri muli malamulo oika malire a nthawi imene Boma liyenera kuyamba kuzenga munthu mlandu. Nthawiyo ikatha, wolakwa sangaimikidwenso m'bwalo ngakhale umboni utakhala woonekeratu ngati dzuwa. Ifenso kuno tiri nao malire otere pa milandu ina. Mlandu waung'ono, umene cilango cake sicipitirira miyezi 6 m'ndende, uyenera kufika kwa majisitireti isanathe miyezi 12 cicitikire colakwaco. Pa milandu ya ngongole ndi mapangano, munthu ali ndi zaka 6 zakuti akasumire mnzake. Malamulo amenewa ali ndi nzeru yake. Si cilungamo kuti munthu akhale moyo wake wonse ali ndi mantha cifukwa ca ndewu ya pa mowa ya pa unyamata wake, ndipo si capafupi kuti adziteteze pamene amene akanamuikira kumbuyo anaiwala kapena anamwalira.

Koma mlandu wa ziphuphu suli m'gulu la milandu ing'onoing'ono. Lamulo lothana ndi ziphuphu la 2012 lipereka cilango cofika zaka 14 m'ndende, ndipo siliika caka cimene mlandu wotere umafera. Wolandira ciphuphu mu 2015 angathe kuimikidwa m'bwalo lero lino. Ngakhale Mtsogoleri wa dziko, amene sazengedwa mlandu ali pampando, sapindula ndi kupita kwa zaka, pakuti malamulo akulu a dziko anena kuti pamene pali malire a nthawi, zaka zimene munthu anakhala pa mpando wa utsogoleri siziwerengedwa.

Zambia sali yekha pa maganizo awa. Pangano la bungwe la United Nations lolimbana ndi ziphuphu, limene linavomerezedwa mu 2003 ndipo Zambia analowamo kotheratu mu 2007, lilamula m'ndime 29 kuti dziko loika malire pa milandu yotere liike nthawi yaitali, ndipo liitalikitsenso kapena kuiimitsa ngati woganiziridwayo wathawa.

CIFUKWA CAKE ZIPHUPHU ZISAPATSIDWE MALIRE

Mbuzi ikabedwa usiku, mwini wake amadziwa m'mawa mwake, nalondola mapazi nthaka ikali yonyowa. Ciphuphu siciri conco. Wopereka akondwa, wolandira akondwa, ndipo palibe mmodzi wa iwo amene adzapita ku polisi. Wobedwa ndi mtundu wonse, ndipo mtundu sudziwa tsiku limene unabedwa. Coipa koposa ndi cakuti wakubayo ndiye amasunga mabuku, ndiye ali ndi makiyi a ofesi, ndiye angathe kusamutsa kalaliki amene waona zambiri. Kumuuza munthu wotere kuti akapirira zaka zakutizakuti adzakhala mfulu, ndiko kumuuza utali wa nthawi imene ayenera kubisa mabukuwo.

Amene afuna citsanzo ayang'ane ku Italy. Kumeneko nthawi ya mlandu inali kuwerengedwabe ngakhale mlandu uli kale m'bwalo, ndipo mu 2005 Nyumba ya Malamulo inafupikitsa nthawiyo pa milandu yambiri. Mu 2009 bwalo la ku Milan linapeza loya wa ku Britain, David Mills, ndi mlandu wolandira madola 600,000 kuti apereke umboni wokomera Silvio Berlusconi, amene anali nduna yaikulu ya dzikolo. Mu Febuluwale 2010 bwalo lalikulu linanena kuti nthawi ya mlanduwo yatha, ndipo Mills sanalowe m'ndende. Mu Febuluwale 2012 mlandu wa Berlusconi mwini wake pa nkhani yomweyo unathanso pa cifukwa comweco. Anthu a ku Italy sanamve cigamulo cotsiriza cakuti mtsogoleri wao anapereka ciphuphu kapena iai. Kalendala ndiye inaweruza. Pamene lamulo liri lotero, loya wocenjera sabvutika ndi kutsutsa umboni. Nchito yake ingokhala kupempha kuti mlandu uimitsidwe, mwezi ndi mwezi, kufikira tsiku lija litakwana.

Motero tinena mosabisa kuti Zambia acita bwino kusaika malire otere, ndipo aliyense amene adzabwere m'tsogolo ndi maganizo akuti milandu yakale ya ziphuphu ikhululukidwe cifukwa ca zaka, anthu amukane. Tisaganize kuti lamulo labwino silingafooketsedwe. Mu 2010 Nyumba ya Malamulo inacotsa m'lamulo la ziphuphu ndime yokhudza kugwiritsa nchito udindo molakwika, ndipo panafunika lamulo latsopano mu 2012 kuti ndimeyo ibwerere. Cimene cinacitika kamodzi cingathe kucitikanso ngati anthu agona.

KUCEDWA KWA MABWALO

Tsopano tifike pa mbali imene sitiyenera kudzitama nayo. Ngakhale lamulo lathu siliika malire, zaka zakhala zikudya milandu yathu mwa njira ina, ndiyo kucedwa m'mabwalo.

Tonse tikumbukira mlandu wa malemu a Frederick Chiluba. Nyumba ya Malamulo inawacotsera citetezo cao mu Julayi 2002, ndipo anamangidwa mu 2003. Mu Meyi 2007 bwalo lalikulu la ku London, pa mlandu wofuna kubweza cuma umene Boma la Zambia linasuma kumeneko, linagamula kuti iwo ndi anzao abweze ndalama zokwana pafupifupi madola 46 miliyoni. Koma mlandu wa kuno kwathu unatha mu Ogasiti 2009, pamene bwalo la majisitireti ku Lusaka linawapeza osalakwa. Mu 2010 bwalo lalikulu la ku Lusaka linakana kulembetsa cigamulo ca ku London kuti cigwire nchito m'Zambia, ndipo mu Juni 2011 a Chiluba anamwalira. Sitiri kuweruzanso munthu amene bwalo linamasula. Tiri kunena kuti zaka 6 zoyembekezera cigamulo n'zambiri, kwa mtundu ndiponso kwa woimbidwa mlandu. Ngati munthu ndi wosalakwa, nanga n'cifukwa ninji asenze manyazi zaka zonsezo? Ngati ndi wolakwa, n'cifukwa ninji adye zakubazo mwamtendere zaka zonsezo?

A Katele Kalumba, amene anali nduna ya zacuma, anapezeka olakwa pa mlandu wa ziphuphu mu 2010 ndipo anacita apilo. Apiloyo inagamulidwa mu 2022. Mwana amene anayamba sukulu caka cimene cigamulo coyamba cinaperekedwa anali atatsiriza kale sekondale pamene mlandu unafika kumapeto.

Kwa anansi athu ku Malawi, mtsogoleri wakale a Bakili Muluzi anamangidwa koyamba mu 2006 pa nkhani ya ndalama zokwana 1.7 biliyoni kwacha ya Malawi, mlandu umene iwo anaukana. Mlanduwo unayenda, nuima, nuyendanso, kufikira mu Meyi 2023 pamene mkulu wozenga milandu ya Boma anauthetsa popanda cigamulo. Kumenekonso palibe lamulo la malire limene linapha mlandu. Unafa ndi ukalamba.

Cifukwa ca zotere tiyamikira kuti mu 2022 Zambia anakhazikitsa bwalo lapadera la milandu ya zacuma, ndipo mu 2024 panaikidwa malamulo akuti milandu yotere izimvedwa ndi kugamulidwa m'miyezi 5. Membala aliyense asiyanitse bwino mitundu iwiri ya malire imeneyi. Malire akuti Boma lisayambe mlandu zaka zikapita amateteza wakuba. Malire akuti bwalo lifulumire mlandu ukayamba amateteza mtundu ndi munthu wosalakwa. Oyambawo tiwakana, aciwiriwo tiwalandira. Koma ticenjeza kuti malire a kufulumira asasanduke khomo lothawira. Mu 2016 dziko lonse linaona dandaulo la cisankho ca Mtsogoleri wa dziko likutha m'bwalo la malamulo akulu popanda kumva umboni, cifukwa masiku 14 anali atakwana. Pa milandu ya ziphuphu zisatero. Miyezi ikatha mlandu usanagamulidwe, afunsidwe ndi amene anaucedwetsa, ndipo mlandu upitirire. Ndiponso kufulumira kufuna zipangizo: oweruza okwanira, ofufuza odziwa kuwerenga mabuku a ndalama, ndi galimoto yokatenga mboni ku Malama nthawi ya dzinja.

NDALAMA ZA KU MALAMBO

Wina anganene kuti zonsezi n'za akuluakulu a ku Lusaka, sizikhudza mlimi wa thonje wa ku Masumba kapena msodzi wa m'mbali mwa Luangwa. Ameneyo alakwa. Masiku ano ndalama za Boma zafika pafupi ndi mudzi kuposa kale. Mu 2022 thumba la citukuko la CDF linakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lirilonse la phungu, ndipo lakhala likukwerabe m'zaka zotsatira. Kuonjezera apo, anthu a m'dera la Lupande ali ndi gawo lao pa ndalama za ulenje wa nyama, zimene zimadzera m'mabungwe a CRB m'maufumu onse 6. Ndalama zimenezo si mphatso. Ndizo malipiro a munthu amene njobvu zimamudyera mapira usiku, ndi mai amene amatunga madzi moopa ng'ona. Pamene ndalama zaculuka, mayesero acurukanso.

Tiyerekeze kuti pa mudzi wina anthu apatsidwa ndalama zomangira zipinda ziwiri za sukulu. Makoma afika pa mazenera, kontilakita wacoka, ndipo mabuku aonetsa kuti nchito yonse inalipiridwa. Anthu aona, nang'ung'udza pa cigayo ndi pa mjigo, koma palibe wolemba kalata. Caka coyamba, onse akumbukira matumba a simenti amene anafika ndi tsiku limene lole inabwera. Caka cacitatu, mphunzitsi wamkulu amene anasaina wasamutsidwa kupita ku cigawo cina, ndipo msungicuma wa komiti wapita kukafuna nchito ku migodi. Caka cacisanu, buku la malisiti limene linali m'katoni pansi pa kama ladyedwa ndi ciswe, kapena lanyowa ndi madzi osefukira amene anthu a m'cigwa cino awadziwa bwino. Caka cacisanu ndi citatu, nkhalamba imene inawerenga matumba aja yagona. Pamenepo wofufuza akafika kucoka ku Chipata, lamulo limulola kutsegula mlandu, koma adzaimika yani m'bwalo? Woweruza saweruza ndi mphekesera. Afuna pepala, afuna tsiku, afuna munthu wonena kuti ndinaona ndi maso anga.

Ena amati tiyembekeze lipoti la mkulu wofufuza mabuku a Boma. Lipoti limenelo n'lofunika, koma malamulo amupatsa miyezi 9 caka ca ndalama citatha kuti alipereke. Ndalama yobedwa mu Januwale ingathe kuchulidwa m'lipoti patapita miyezi yoposa 20. Maso a anthu a pamudzi ndiwo afika msanga kuposa lipoti lirilonse.

Anthu a m'cigwa cino safunika kuphunzitsidwa zimenezi ndi alendo, pakuti anazicitapo kale. Nchito ya LIRDP, imene inayamba mu 1986 ndi thandizo la dziko la Norway, inasintha kayendetsedwe kake mu 1996 kotero kuti magawo 80 pa 100 alionse a ndalama za nyama anali kupita ku magulu a m'midzi. Anthu anali kusonkhana pansi pa mtengo, ndalama zikuwerengedwa pamaso pa onse, nagwirizana zoti zigawidwe ku mabanja ndi zoti zipite ku sukulu kapena ku citsime. Komiti inali kubwerera kwa anthu kangapo pacaka kudzafotokoza mmene yagwiritsira nchito ndalamazo. Amene anafufuza nchitoyo pambuyo pake anapeza kuti m'magulu a m'midzi ndalama zosowa zinali zocepa kwambiri poyerekeza ndi makomiti apamwamba amene anali kutali ndi maso a anthu. Cifukwa cake n'cosabisika. Funso linali kufunsidwa ndalama ikali yatsopano, wolandira ali pomwepo, mboni ziri pomwepo.

MLANDU SUYANG'ANA KHADI LA CIPANI

Pali cinthu cina cimene tiyenera kudziuza tokha, ngakhale ciri cowawa. M'mbiri ya dziko lathu, milandu ikuluikulu ya ziphuphu yakhala ikutseguka atsogoleri atacoka pampando. A Chiluba anazengedwa atasiya utsogoleri. Malemu a Rupiah Banda anacotseredwa citetezo mu 2013, atagonja pa cisankho ca 2011, ndipo bwalo linawamasula mu 2015. Khalidwe lodikira kuti munthu atsike kaye libala zoipa ziwiri. Coyamba, umboni umakhala utakalamba. Caciwiri, woimbidwa mlandu amapeza ponena kuti ali kuzunzidwa cifukwa ca ndale, ndipo anthu sadziwanso coona.

Khalidwe lomweli liri ndi m'midzi mwathu. Tikaona mnzathu wa m'Cipani akudya za anthu, timati tisamuyalutse, ndi wathu. Tikaona ndi mwana wa mlongo wathu, timati za pabanja sizipita ku Boma. Kukhala cete kumeneko ndiwo malire a nthawi oopsa kuposa onse, cifukwa sanalembedwe ndi Nyumba ya Malamulo, tawalemba ndife. Wobisa wakuba cifukwa ca khadi sathandiza Cipani. Aciika m'manja mwa adani ake, pakuti tsiku la cisankho anthu sadzafunsa dzina la kontilakita, adzaloza makoma opanda denga nanena kuti awa ndiwo anatisiyira. Bungwe lolimbana ndi ziphuphu la ACC linabadwa ndi lamulo la 1980, m'masiku a Dr Kenneth Kaunda, pamene dziko linali ndi cipani cimodzi cokha. Atsogoleri a nthawiyo anadziwa kuti wogwidwa aliyense adzakhala wa m'nyumba mwao momwe, komabe analikhazikitsa. Ife a lero tisacepe mtima kuposa iwo.

NCHITO YA MABRANCHI NDI MASEKISHONI

Cifukwa cace tipempha acheyamani, alembi ndi asungicuma a mabranchi ndi masekishoni, pamodzi ndi amai ndi acinyamata a m'Cipani, kuti agwire nchito izi mosazengereza.

Nchito iriyonse ya citukuko ikafika m'dera lanu, funsani mtengo wake, dzina la woigwira ndi tsiku loitsiriza, ndipo mlembi alembe m'buku. Katundu akafika, awerengedwe pamaso pa anthu osacepera atatu, ndipo onse asaine kapena adinde cala. Amene ali ndi foni ajambule malisiti ndi nchito yomwe, ndipo zithunzizo zisungidwe ndi anthu angapo, kuti ciswe cikadya pepala umboni utsale. Pemphani kuti makomiti a citukuko a m'mawodi ndi mabungwe a CRB aziwerenga ndalama zolowa ndi zoturuka pa msonkhano wa anthu onse, mafumu ndi nduna zao ali pomwepo. Kufunsa kotere si mwano, ndipo mtsogoleri woyera m'manja amakondwa nako cifukwa kumamuyeretsa.

Mukaona cokhota, musadikire cisankho, musadikire kuti munthuyo acotsedwe. Kanenani ku polisi kapena ku ofesi ya ACC ku Chipata mwezi womwewo. Nenani cokhaco cimene munaona, ndi tsiku lake ndi malo ake, osaonjezera, pakuti kunamizira munthu ndi mlandunso, ndipo nyuzipepala ino siifuna kuti nkhondo yolimbana ndi ziphuphu isanduke cida ca nsanje. Amene aopa kubwezeredwa adziwe kuti kuyambira mu 2010 pali lamulo loteteza anthu oulula zoipa za m'maofesi. Ndipo inu anchito a Boma, aphunzitsi, alangizi a zaulimi, anamwino ndi oyang'anira nyama, kumbukirani kuti lamulo la 2012 likupatsani maora 24 okha kuti mukanene ngati munthu wakupatsani kapena kukulonjezani ciphuphu. Amenewo ndiwo malire a nthawi amene tifuna kuti aliyense awasunge pamtima.

Kwa iye amene anadya za anthu zaka zapitazo, namagona tulo poganiza kuti dziko laiwala, tinena kuti lamulo silinaiwale, ndipo njira yabwino ndi kubweza asanafike pakhomo. Kwa anthu a kwa Nsefu, Jumbe, Kakumbi, Malama, Mnkhanya ndi Msoro tinena kuti Boma lingathe kusunga mlandu zaka zambiri, koma kusunga umboni ndi nchito yanu. Buku la branchi litsegulidwe pa msonkhano wa mwezi uno.